Za Mafuta a m'Mwazi, ndi Kuyesedwa kwa Mankhwala Ace

Tsiku lina la msika tinaima pa Nsaru, ndipo tinaona munthu atandandalika mabotolo ace pa thebulo, nalalika kuti mankhwala ace atsuka mwazi, nasungunula mafuta a m'thupi, nacotsa BP ndi shuga pamodzi. Amai ena okalamba anamasula mfundo ya citenje cao, napereka ndalama za mtedza umene anagulitsa m'mawa mwace, natenga botolo limodzi. Pamene wina anafunsa mwini mabotolo kuti anayesa mankhwalawo ndani, iye anayankha kuti onse akumwa alikuyamika. Tinabwerera kwathu ndi funso m'mtima: kodi munthu adziwa bwanji kuti mankhwala aciza ndithu? Phunziro la mwezi uno liyankha funso limeneli potsata mbiri ya mankhwala a mafuta a m'mwazi. Pakuti m'mbiriyo muli ena amene anapambana, ndi ena amene anagwa, ndipo onsewo atiphunzitsa kanthu kamodzi.

I. MAFUTA AWIRI A M'MWAZI

M'mwazi wa munthu ali yense muyenda mafuta a mitundu iwiri. Oyamba madotolo awacha cholesterol. Ameneyu sali woipa mwa iye yekha, pakuti thupi limanga naye tizigawo tace tating'ono, lipanganso naye ndulu; ndipo wocuruka apangidwa ndi ciwindi cathu comwe, wocepa ndiye acokera m'zakudya. Popeza mafuta sasanganizika ndi madzi, cholesterol ayenda m'mwazi atanyamulidwa monga katundu m'ngolo. Ngolo zina, zochedwa LDL, zicotsa katunduyo ku ciwindi ndi kupita naye m'thupi lonse. Zina, zochedwa HDL, zibweza wina ku ciwindi. Ngolo za LDL zikacuruka, katundu atayikira m'kati mwa khoma la mitsempha, naunjikana pang'ono pang'ono zaka zambiri, monga matope acepetsa ngalande ya m'dimba. Tsiku lina cotupaco cing'ambika, mwazi uundana pamenepo, njira nitsekeka. Ukatsekeka mtsempha wa mtima, munthu agwidwa pa cifuwa mwadzidzidzi. Ukatsekeka wa ku ubongo, afa ziwalo, nthenda imene ambiri aicha sitoroko.

Mafuta aciwiri ndiwo triglyceride, nkhokwe m'mene thupi lisunga mphamvu yotsala. Awa akwera ndi zotsekemera, ndi mowa, ndi kunenepa, ndi nthenda ya shuga. Akakwera kopitirira muyeso, mwazi wotengedwa m'kabotolo uoneka ngati wathiridwa mkaka, ndipo kapamba akhoza kutupa ndi ululu woopsa wa m'mimba, umene nthawi zina upha.

Tisunge ici: mafuta amenewa sapweteka pokwera. Munthu alima, nakwera njinga, nadya bwino, osadziwa kanthu kufikira tsiku lakugwa. Ngakhale woonda akhoza kukhala nao, pakuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa 250 kapena 300 abadwa ndi cholesterol wocuruka wa kumtundu.

II. KODI SI NTHENDA YA AZUNGU?

Ambiri a ife tiyesa kuti izi ziri za anthu olemera a kutsidya kwa nyanja. Koma ziwerengero za dziko lathu zinena mwina. M'caka ca 1909 panalibe wowerenga zotere kuno. Koma m'caka ca 2009 Unduna wa za Umoyo, pamodzi ndi bungwe la WHO, unayesa Amalawi oposa 5,000 a zaka 25 kufikira 64. Anapeza kuti mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ndipo pafupi-fupi 9 mwa 100 anali ndi cholesterol wopitirira muyeso. Pambuyo pace, kuyambira 2013 kufikira 2016, bungwe la MEIRU linayesa akuru pafupi-fupi 29,000 ku Area 25 mu Lilongwe ndi ku midzi ya ku Karonga, napeza kuti mwa akazi 100 a m'tauni 44 anali olemera thupi kopitirira muyeso, ndi mwa akazi 100 a kumudzi 27. Tsono nthendayi siyang'ana khungu. Yafika kale pa ciwaya ca pa Mpingu ndi pa bwalo la mowa la pa Kabudula.

III. MUNDA WOYESERA

Kuti timvetse m'mene ayesera mankhwala, tiyambe ndi cinthu cimene ticidziwa. M'mbali mwa mseu wa ku Mchinji muli Chitedze, malo oyesera mbeu amene anakhazikitsidwa m'caka ca 1948. Mtedza wa CG7, umene unaperekedwa kwa alimi mu 1990, sunaturuke cifukwa munthu wina anautama pa msika. Aulimi abzala mbeu yatsopano pafupi ndi yakale, pa nthaka imodzi, pa mvula imodzi, nabwereza zaka zingapo. Ndipo saweruza poona kubiriwira kwa masamba iai, koma pa sikelo, tsiku lakukolola. Mlimi ali yense adziwa mtedza wa masamba okongola wopanda kanthu pansi.

Madotolo acita cimodzimodzi. Ayamba kuyesa mankhwala m'nyumba ya zoyesayesa ndi pa nyama. Kenaka pa anthu owerengeka, kuti aone ngati sapweteka. Kenaka pa mazana, kuti apeze muyeso. Potsiriza pa zikwi. Pa kuyesa kotsirizaku agawa anthu m'magulu awiri mwa maere, kuti dotolo asaike odwala amphamvu mbali imene iye aikonda. Gulu lina lilandira mankhwala, linzace lilandira piritsi lofanana nao maonekedwe koma lopanda kanthu. Ndipo wodwala kapena dotolo sadziwa amene walandira citi, cifukwa munthu wokhulupira kuti wamwa mankhwala amva bwino ngakhale wamwa ufa. Palinso kagulu ka akuru apadera koyang'anira ziwerengero mobisika, kokhala ndi mphamvu yakuletsa nchito yonse pakaoneka coopsa. Zitapita zaka, awerenga. Kutsika kwa mafuta m'mwazi ndiwo masamba. Koma zokolola ndizo anthu amene sanafe, ndi amene sanafe ziwalo.

Cidziwitso ca mafuta amenewa cinadza mwa kuwerenga kotere. Mu 1913 Nikolai Anichkov wa ku Russia anadyetsa akalulu cholesterol, naona mitsempha yao itaonongeka. Mu 1948, caka comwe ca Chitedze, madotolo anayamba kutsata anthu 5,209 a m'mudzi wa Framingham ku Amereka, napeza patapita zaka kuti a cholesterol wocuruka, a BP yokwera ndi osuta fodya ndiwo anagwidwa kwambiri ndi nthenda ya mtima.

IV. MANKHWALA AMENE ANAPAMBANA

Ku Japan kunali munthu dzina lace Akira Endo, amene anaganiza kuti cuku, conga cimera pa cakudya cogona, cingakhale ndi kanthu koletsa kupangidwa kwa cholesterol. Anayesa mitundu pafupi-fupi 6,000, ndipo mu 1973 anapeza cimene anafuna. M'menemo munacokera banja la mankhwala ochedwa statin, amene oyamba ace analoledwa kugulitsidwa ku Amereka mu 1987. Nchito yao ndi iyi: acepetsa cholesterol amene ciwindi cipanga, ndipo ciwindi, posowa, cicurukitsa timisampha tace togwira ngolo za LDL m'mwazi. Timisampha timeneti anatipeza Michael Brown ndi Joseph Goldstein, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1985.

Koma ambiri anakayikabe, nafunsa ngati kutsitsa mafuta kupulumutsa moyo ndithu. Yankho linadza mu 1994. Ku maiko a kumpoto kwa Ulaya anayesa anthu 4,444 odwala mtima, zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Theka linamwa simvastatin, theka piritsi lopanda kanthu. Mwa akumwa piritsi lopanda kanthu anafa 256. Mwa akumwa simvastatin anafa 182. Onani, anthu 74 anakhala ndi moyo, amene pakadapanda mankhwala akadaikidwa m'manda. Mu 2007 bungwe la WHO linalemba simvastatin m'kaundula wace wa mankhwala oyenera kupezeka m'dziko liri lonse. Ndipo popeza makampani ambiri aloledwa kuwapanga, mtengo wace unatsika kwambiri.

V. MANKHWALA AMENE ANAGWA

Pano tichere khutu, pakuti ndipo pagona mtima wa phunziro lathu. Popeza anthu a HDL wocuruka sadwala mtima kawiri-kawiri, anzeru anati, tipange mankhwala okweza HDL. Anapanga torcetrapib, namyesa pa anthu oposa 15,000. Masamba anabiriwira zedi: HDL anakwera ndi magawo oposa 70 pa 100, LDL natsika. Koma powerenga maliro, anapeza 93 mwa akumwa mankhwalawo, ndi 59 okha mwa anzao. Nchito inaletsedwa mu December 2006, ndipo mankhwalawo sanafike m'sitolo.

Cinacitikanso cina ndi triglyceride. Mankhwala ochedwa pemafibrate anayesedwa pa anthu 10,497 odwala shuga, ndipo zotsatira zinalengezedwa mu 2022. Triglyceride anatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Koma ogwidwa ndi mtima ndi akufa ziwalo anali ofanana mbali zonse ziwiri. Awa sanaphe munthu monga oyamba aja, komanso sanapulumutse.

Tsono lingalirani. Ngati madotolo ophunzira kwambiri, okhala ndi makina oyesera mwazi, akadanyengedwa pakadapanda kuwerenga anthu zikwi, nanga ife tidzadziwa bwanji za botolo la pa msika pakumva kuti akumwa alikuyamika? Oyamika abwera kudzagulanso. Amene anagona kumanda sabwera kudzanena.

VI. MANKHWALA ATSOPANO

Mu 2003 ofufuza a ku France ndi ku Canada anazindikira nchito ya kanthu kena kopangidwa m'ciwindi, kochedwa PCSK9, kamene kaononga timisampha tija togwira LDL. Ndipo apa anthu a mtundu wa Afrika anatsegula khomo. Mu 2006 Jonathan Cohen ndi Helen Hobbs a ku Dallas anaonetsa kuti mwa anthu akuda 100 a ku Amereka, awiri kapena atatu abadwa ndi PCSK9 wolumala. LDL wao anali wotsika ndi magawo 28 pa 100, ndipo m'zaka 15 nthenda ya mitsempha ya mtima inawagwira mocepa ndi magawo 88 pa 100. Caka cotsatira, mu 2007, kunamveka za ku Zimbabwe, kumene anayesa amai 653 odza ku sikelo ya apakati, napeza cibadwa comweco mwa 24; ndipo mmodzi wa iwo, amene anacilandira kwa atate ndi kwa amai omwe, anali ndi LDL wocepa zedi. Pamenepo anzeru anati, cimene cibadwa cicita mwa owerengeka, mankhwala acicite mwa ambiri.

Anapanga jekeseni womanga PCSK9, wobaya kamodzi pa milungu iwiri kapena pa mwezi. Wina wa iwo, evolocumab, anayesedwa pa anthu 27,564 odwala kale mitsempha, amene analikumwanso statin. Mu 2017 kunadziwika kuti LDL anatsika ndi magawo 59 pa 100. Ndipo m'zaka ziwiri ndi miyezi yowerengeka, ogwidwa ndi bvuto la mtima kapena la ubongo anali pafupi-fupi 10 mwa 100, pamene mwa anzao anali oposa 11. Phindu liripo, koma sirifanana ndi kubiriwira kwa masamba. Ndipo ciwerengero ca akufa sicinasiyane m'nthawi imeneyo. Mtengo wace poyamba, mu 2015, unali pafupi-fupi madola 14,000 pa caka kwa munthu mmodzi ku Amereka. Mu 2018 anautsitsa kufikira 5,850.

Pambuyo pace panadza inclisiran, amene aletsa ciwindi kupanga PCSK9, wobaya kawiri kokha pa caka pambuyo pa majekeseni oyamba. Frederick Raal wa pa sukulu yaikuru ya Witwatersrand ku Johannesburg anatsogolera kuyesa kwace pa anthu 482 a cholesterol wa kumtundu. Mu 2020 anaonetsa kuti LDL anatsika pafupi-fupi ndi theka, ndipo Ulaya anamlola caka comweco. Koma pokumbukira torcetrapib, ofufuza a ku Oxford anayamba mu 2018 kuyesa kwina pa anthu oposa 15,000, kuti awerenge zokolola.

Za triglyceride nkhani iri yosakanizika. Mu 2018 mankhwala oyengedwa kucokera ku mafuta a nsomba, ochedwa icosapent ethyl, anayesedwa pa anthu 8,179: ogwidwa anali 17 mwa 100, pamene mwa anzao anali 22. Koma mu 2020 mtundu wina wa mafuta a nsomba, woyesedwa pa anthu 13,078, sunaonetse phindu. Cifukwa cace munthu asayese kuti kabotolo kali konse kolembedwa nsomba kacita zomwezo. Kwa owerengeka obadwa ndi triglyceride woopsa, amene kapamba wao atupa kawiri-kawiri, dziko la Amereka linalola jekeseni wochedwa olezarsen mu December 2024.

VII. KUYESA KUMENE KUTIKHUDZA IFE

M'midzi mwathu muli abale ambiri akumwa ma ARV, amene tsopano akalamba monga anthu onse. Madotolo anaona kuti okhala ndi HIV agwidwa ndi nthenda ya mtima koposa anzao, ngakhale mafuta ao sali okwera kwambiri, cifukwa kaciromboko kayambitsa kutupa kwa pang'ono kosatha m'mitsempha. Tsono mu 2015 anayamba kuyesa kochedwa REPRIEVE, pa anthu 7,769 a zaka 40 kufikira 75, onse akumwa ma ARV, m'maiko 12. Mwa maikowo munali Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa. Anasankha pitavastatin, popeza simvastatin sagwirizana ndi ma ARV ena. Mu 2023 kagulu koyang'anira kanaimitsa nchitoyo nthawi isanakwane, osati cifukwa ca coopsa, koma cifukwa phindu linaoneka poyera: mabvuto akuru a mtima ndi ubongo anacepa ndi magawo 35 pa 100. Amene anathandiza apa si jekeseni wa madola zikwi, koma piritsi limodzi pa tsiku la banja lija lakale.

Kuyesa kotere si kwacilendo mu Lilongwe. A UNC Project, pa cipatala ca Kamuzu Central, anali mwa iwo amene anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba msanga ma ARV kucepetsa ndi magawo 96 pa 100 kupatsirana HIV m'banja. Anthu a kuno anapereka mwazi wao ndi nthawi yao, ndipo dziko lonse linapindula. Cibadwa ca mitundu cisiyana, monga taona ndi amai a ku Zimbabwe. Ndipo mankhwala osayesedwa pa ife adzafika kwa ife ndi mafunso osayankhidwa. Cifukwa cace, mukaitanidwa ku nchito yotere, musathawe ndi mphekesera za opopa mwazi. Komanso musalembe dzina mosadziwa. Kuyesa koona kubvomerezedwa ndi bungwe la dziko, monga National Health Sciences Research Committee. Akufotokozerani m'cinenero canu zabwino ndi zoopsa zomwe. Ndipo muli ndi ufulu wakukana, kapena wakuleka pakati, osataya cithandizo canu ca ku cipatala.

VIII. TICITE CIANI?

Coyamba, tiyesedwe. Amene mwapitirira zaka 40, ndi inu a shuga, a BP, akumwa ma ARV, ndi inu amene atate kapena mbale wanu anagwa ndi mtima akali mwana, pitani ku cipatala ca St Gabriel pa Namitete, cimene citumikira dera lino kuyambira 1959, kapena pa Kabudula, pa Nambuma, ndi pena pali ponse pafupi ndi inu. Akayese BP ndi shuga, ndipo mufunse za mafuta a m'mwazi. Makina oyesera ameneyu sapezeka pa cipatala ciri conse, koma dotolo adzakuuzani kopita.

Caciwiri, amene mwapatsidwa statin mumwe masiku onse. Mankhwalawa sacotsa nthenda monga a malungo. Aichinga pokha-pokha mulikumwa, ndipo mukaleka mafuta abwerera. Muuze dotolo mankhwala ena onse amene mumwa. Mukamva kuwawa kwa minofu kosazolowereka, bwererani kwa iye, musangotaya mapiritsi. Mai wapakati, kapena wofuna kuima, anene msanga, pakuti nthawi imeneyo mankhwalawa aimitsidwa.

Cacitatu, tisapeputse za m'munda mwathu. Nyemba, soya, mtedza, nsinjiro m'masamba, usipa ndi matemba, ndi nsima ya mgaiwa, ziri zabwino kwa mitsempha koposa nyama ya mafuta, ndi zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Kacasu akweza triglyceride. Ndipo fodya, amene ambiri a ife timlima, aononga khoma lomwelo la mitsempha limene LDL alowamo.

Cacinai, wina akadza ndi mankhwala atsopano, kaya pa msika, kaya pa foni, timfunse zitatu: anayesedwa pa anthu angati? Anayerekezedwa ndi ciani? Ndipo anawerenga masamba kodi, kapena zokolola? Amai aja a pa Nsaru sakadagula mbeu ya mtedza kwa munthu amene sanaonetse munda wace. Tiyeni tiwathandize, iwo ndi anzao, kuti mfundo ya citenje isamasulidwe kufikira mafunso atatuwa atayankhidwa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chulani mafuta awiri a m'mwazi, ndi bvuto limene ali onse adza nalo.
2. Agawiranji anthu mwa maere poyesa mankhwala, ndipo ena apatsidwiranji piritsi lopanda kanthu?
3. Mbiri ya torcetrapib itiphunzitsa ciani za mau akuti akumwa alikuyamika?
4. Kodi m'mudzi mwanu alipo ayani oyenera kukayesedwa, ndipo adzawaperekeza ndani?